Mavu m'Bokosi la Gudumu

A Tcheya analowa papolisi pathu m'mawa wa tsiku limenelo atagwira pamutu ndi manja onse awiri, mlomo utatupa ngati wa munthu amene wamenyedwa ku mowa. Ine ndinali nditangovula jekete yonyowa, poti mvula inali itatikakamira kwa masiku ambiri, dzuwa osalionako ngakhale pang'ono. Ndinayamba kufunafuna pepala lolembapo mlandu wovulaza munthu.

"Wakumenyani ndani, a Tcheya?"

"Sajeni, za mlomozi zisiyeni. Gudumu labedwa."

M'tauni mwathu munthu akati gudumu sakunena la njinga kapena la galimoto. Gudumu ndi limodzi, lija lachitsulo lokhala ndi timakapu kuzungulira, limene madzi a pamathithi amayenera kulizungulitsa kuti tipeze magetsi. Linagulidwa ndi bungwe lathu la anthu a m'tauni, limene a Tcheya amatsogolera. Wolisankha anali alamu anga, amuna a achemwali anga, amene aliyense amangowatchula kuti a Injiniya. Chifikireni, gudumulo linkagona m'bokosi lokhoma, m'kanyumba ka makina kumtsinje, kudikira mapepala.

Za mapepalazo ndikuuzeni mwachidule, ngakhale kuti zenizenizo sizinayende mwachidule. Kuti mupange magetsi ndi madzi pamafunika chilolezo cha madzi, cha malo, cha zachilengedwe, kenaka laisensi yeniyeniyo. Chilichonse chili ndi ofesi yake ndi nthawi yake yothera. Mukapeza cha madzi, cha zachilengedwe chimakhala chikadali m'njira. Cha zachilengedwe chikafika, cha madzi chija chatha, ndipo a malaisensi safuna kuona pepala lakutha. Alamu anga anayamba kuyendera maofesi amenewa tsitsi lili bii. Ana amene anabadwa chaka chimenecho tsopano amatha kuwerenga okha chikwangwani cha kumtsinje chonena kuti magetsi akubwera posachedwa, ndipo amaseka.

Chaka chino, mwamwayi wake, mapepala onse anakumana ali moyo. Chimene chinatsala n'chakuti munthu wa ku ofesi ya malaisensi abwere adzaone ndi maso kuti makina alipo ndipo ndi athunthu. Koma chilolezo cha madzi chinali kutha mwezi womwewo. Kuphonya ulendo umenewu, zonse zikanayambiranso pachiyambi, ndipo alamu anga anali atanena pamaso pa tonse kuti pamzere umenewo sadzaimanso.

"Ndiye abwera liti a malaisensiwo?" ndinafunsa. Ndinafunsa mwaulesi, chifukwa anthu amenewo anali atalonjeza kubwera kambirimbiri. Ife tinkasesa pabwalo, kupaka miyala laimu, kuvala zovala zathu zabwino, iwo osaoneka.

"Ali m'njira," anatero a Tcheya, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. "Andiimbira foni. Adutsa kale pamlatho waukulu. Ndi mayi, akuti afika masana ano."

Ndinavalanso jekete yanga yonyowa ija.

* * *

Kanyumba ka makina kali m'munsi mwa mathithi, ndipo mkati mwake munthu amachita kukweza mawu kuti amveke. Tinapeza alamu anga atakhala pansi, atatsamira khoma, magalasi ali m'manja. Sankalira, koma bola akanalira. Bokosi linali chitsegukire pakati pa chipinda, ndipo aliyense ankalidutsira patali.

Loko ndinamuyang'ana mbali zonse. Sanathyoledwe, sanakandidwe. Chitseko chinali bwinobwino, zenera lili ndi zitsulo zake zonse. Matope a pansi anali a m'mawa womwewo, mapazi a alamu anga ndi a a Tcheya. A a Tcheyawo olowa anali oyandikana mwaulemu, otuluka anali otalikirana kwambiri.

"Makiyi a bokosili ali ndi ndani?"

"Ine ndi a Injiniya basi," anatero a Tcheya, akukoka chingwe m'khosi. "Wanga amakhala pano, ngakhale posamba."

"Wanu, alamu?"

Anasisita thumba la buluku osadzutsa mutu. "Ali muno. Sachoka muno."

"Munalitsegula liti komaliza bokosili?"

Alamu anga anayang'ana bokosilo. "Mlamu, ine kuno ndimabwera pafupifupi tsiku lililonse. Ndimapukuta fumbi pamwamba, ndimakhalapo, nthawi zina ndimadyera pomwepo. Koma kutsegula ndinasiya kalekale. Ndikaliona lili phee, likunyezimira, madzi akungopita pachabe panjapa, mtima unkandiwawa mpaka kunyumba ndinkakalephera kudya."

Ndinaitana mlonda wa pamalopo. Timawatchula a Tcheru, dzina limene anadzipatsa okha. Anaima njo, chibonga chili paphewa, n'kundichitira sawatcha yokhota.

"Bwana, usiku wathawu pano sipanadutse munthu, galu, ngakhale khoswe. Ine kugona sindikudziwa. Funsani aliyense."

"Simunaphethire n'komwe?"

"Kuphethira ndiye mwina, bwana, munthu ndi munthu. Koma ine ndimaphethira nditatsamira chitseko. Wofuna kulowa ayenera kundinyamula kaye ine."

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Tcheru ndi munthu wa thupi lake. Kuwanyamula iwowo kukanavuta kuposa kunyamula gudumu.

A Tcheya anali atatopa ndi mafunso anga. Iwo wakuba anali atamupeza kale. "Mukutaya nthawi, Sajeni. Ndi wa zitsulo zakale uja. Akamadutsa ndi ngolo yake amayang'ana kanyumba kano ndi diso loipa. Pitani mukamumange."

"Ameneyo ndinamumanga kale dzana, pa nkhani ya chipata cha kusukulu. Wagona m'chitokosi, ndipo tiyi wa m'mawa uno ndamupatsa ndekha."

Ndinayandikira bokosi lija. A Tcheya anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, akuti samalani, koma ndinasuzumira ndithu. Mkati munali udzu wouma umene anakutira gudumu polibweretsa, ndi mabawuti ake ataikidwa mwadongosolo pakona. Wakuba wa mtundu wanji amene amamasula mabawuti n'kuwasanja bwinobwino? Ndipo pakatikati, pamalo enieni pamene gudumu likanakhala, panalendewera chisa cha mavu chachikulu ngati mbale, chothyoka mbali imene a Tcheya anapisa mutu. Pambali pake panali zisa zina zakale, zouma, zopanda mwini.

Ndinayesetsa kudzigwira, koma ndinaseka.

"Pali choseketsa, Sajeni?"

"Pepani, a Tcheya. Koma chisa chotere sichimangidwa usiku umodzi. Ndipo zoumazi n'za makolo a amene akulumaniwa. Gudumu silinabedwe usiku wathawu."

"Nanga liti?"

"Mwina chaka chatha, mwina chinacho. Nthawi yonseyi a Tcheru akhala akulondera mavu."

Alamu anga anavala magalasi.

* * *

A Tcheru ndinawatengera panja, pansi pa mtengo, pamene phokoso la madzi linali lochepako. Anali atakhumudwa ndi mawu anga aja, moti ndinayamba ndawauza kuti mavuwo anawalondera bwino, palibe ngakhale mmodzi anasowa.

"Tsopano za usiku wathawu ziiwaleni. Ndani anachokapo pano ndi katundu wolemera, nthawi ina iliyonse?"

"Palibe, bwana. Pano sipachoka kanthu. Pano zinthu zimangobwera n'kukhala."

"Ngolo? Wilibala?"

"Wilibala ndiye ya mayi a kwa a Injiniya basi, achemwali anu aja. Koma amenewo ndi a pakhomo. Ankabwera kudzachapa mabulangete kuseri kuno, amati kuli mwala wabwino. Munthu wa mtima wabwino kwabasi. Akafika ankandipatsa fulasiki ya tiyi, amati, a Tcheru, mwatopa, pitani mukamwere pamthunzi uko, pano tikuonerani ife."

"Ankabwera okha?"

"Ndi mlongo wanu wometa uja, Chipeso. Iyeyo ndiye ankakankha wilibala. Mabulangete akanyowa amalemera, bwana. Tsiku lina anachita kupumira pachitunda apo, thukuta lili kamukamu."

"Mabulangetewo ankadontha madzi?"

A Tcheru anakanda m'mutu. "Apo ndiye ndinkadabwa. Sankadontha. Ndimati mayi aja amadziwa kufinya."

Wapolisi amakondwa mlandu ukayamba kuonetsa njira, koma kukondwako kumachepa akaona kuti njirayo ikulowera kwawo. Achemwali anga ali ndi mpopi pakhomo. Sindinawaonepo akuchapira kumtsinje chikwatiwire chawo.

Ndikadali chiimire, foni ya a Tcheya inalira. Anailankhulira ataweramira kutsogolo mwaulemu, ngati mayi a malaisensi aja akuwaona. Atatha anabwera chothamanga.

"Ayandikira, Sajeni. Angochedwako pang'ono ndi matope."

Ine maso anali pafoniyo. Yanga inali itazima dzana. Sola ya papolisi inali itagonja, ya kuchipatala chimodzimodzi, tauni yonse anthu ankangoyenda ndi mafoni akufa m'matumba. Kenaka ndinayang'ana mutu wa a Tcheya. Kupatula zotupa za mavu, unali wosalala mochititsa kaso, wometedwa mofanana mbali zonse.

"A Tcheya, mwameta liti?"

"Dzulo. Ndimati alendo akabwera andipeze ndili munthu."

"Ndi lezala?"

"Ine lezala? Ndi mashini, kwa Chipeso. Foni ndinatchajanso komweko. Mlongo wanu uja sola yake ndi yamphamvu, sidziwa mitambo."

Ndinayang'ana kumwamba. Mvula inali itayambiranso kuwaza.

* * *

Popita m'tauni ndinadzera papolisi. Wa zitsulo zakale anali atagona chagada m'chitokosi, miyendo itapingasa, ngati ali kunyumba kwake.

"Gudumu la kumtsinje ukulidziwa?"

"Ndani salidziwa, bwana? Chitsulo chabwino chija. Ndimalilota. Koma musandinamizire, ine chitsulo cha anthu onse sindigwira."

"Chipata cha kusukulu chinali cha munthu mmodzi?"

"Chija chinagwa chokha, bwana, ine ndinangochithandiza." Anadzuka n'kukhala tsonga. "Koma za gudumu ndikuuzeni. Chaka china a Injiniya anandiimitsa pamsewu, maso ali psuu, amati mawa ubwere ndi ngolo kumtsinje. Ndinakondwa. Madzulo ake kunabwera akazi awo kwathu, sizasi ili m'manja. Anati ngolo yanga ikaoneka kumtsinje, adula makutu a bulu wanga, kenaka anga. Ine bulu wanga ndimamukonda, bwana. Sindinapite."

Amenewo anali achemwali anga enieni, panalibenso chokayikira.

* * *

Achemwali amasoka zovala pakhonde la sitolo ina mumsewu waukulu. Ndinawapeza mapini ali pakamwa, akupalasa mashini. Sanadzutse mutu.

"Wabwera ngati wapolisi kapena ngati mng'ono wanga?"

"Zitengera mayankho anu, achemwali."

"Ndiye khala apo. Jekete yakoyo ikudonthezera nsalu ya eni ake."

Ndinakhala pamene anandilozera. Ndili ndi mizere paphewa, amuna akuluakulu amandichitira sawatcha, koma pakhonde limenelo ndimabwerera kukhala mwana amene ankasambitsidwa m'beseni.

"Mabulangete munayamba liti kuchapira kumathithi?"

Mashini anaima. Anachotsa mapini pakamwa n'kuwabaya pansalu mosafulumira.

"Atsegula bokosi?"

"Atsegula. A malaisensi ali m'njira."

"Amenewo ali m'njira chibadwire changa."

"Lero adutsa pamlatho, achemwali. Akulimbana ndi matope pafupi pompano."

Apa ndi pamene anandiyang'ana kumaso. Anausa moyo, n'kukankhira nsalu pambali.

"Ukukumbukira chaka chija chilolezo cha madzi chinatha kutangotsala pang'ono kuti zitheke? Alamu ako anagona osadya, osalankhula. Kenaka anandiuza kuti aligulitsa gudumu kwa wa zitsulo, anthu awakhululukire, nkhani ithe. Ine amuna anga ndimawadziwa. Akanaligulitsa, bwenzi titawaika m'manda chaka chomwecho. Kiyi amasunga m'thumba la buluku, ndipo wochapa bulukulo ndine. Ndinati gudumu likapumeko kwina mpaka mtima wawo utatsika."

"Ndiye iwo sanazindikire?"

"Azindikire bwanji? M'mawa mwake sanapite n'komwe kubokosiko. Anadzuka, kusita shati, ulendo ku ofesi ya madzi kukayambiranso. Ndinavutika pachabe."

"Nanga bwanji simunabweze?"

"Tinabweza. Titamva kuti a malaisensi akubwera, tinakankha wilibala kukabweza. Sanabwere. Pepala lina litatha, alamu ako anayambanso kusiya chakudya m'mbale, ine ndinaopa, tinakalitenganso. Kubweza, kutenga, kubweza, kutenga, mpaka Chipeso anati msana wake si wachitsulo. Tinagwirizana kuti tidzabweza tsiku limene tidzaone galimoto yawo ndi maso athu."

Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipe chiyani? Inenso uthenga wa a Tcheya m'mawa uja ndinaulandira ndikuyasamula.

"Lili kuti tsopano?"

"Pansi pa shopu ya Chipeso, m'bulangete, louma bwinobwino."

"Louma?"

"Eya, louma. Bwanji?"

"Achemwali, tauni yonse ilibe moto, koma Chipeso akumeta ndi mashini."

Anaimirira pang'onopang'ono, nsalu ya eni ake n'kugwera pansi osaitola.

"Sizasiyo isiyeni pompano," ndinatero.

* * *

Shopu ya Chipeso ndi ya matabwa, yomangidwa pa mizati pamwamba pa ngalande yakale imene inkapititsa madzi kuchigayo china chimene chinagwa kalekale. Wailesi yake imamvekera pamphambano, ndipo ndinali nditamuchenjezapo kangapo za phokoso. Iye ankangoti makasitomala amakonda nyimbo.

Ndisanalowe ndinazungulira kuseri. Sola ija inali padenga, yopukutidwa bwino, yooneka yaulemu. Waya wake ndinamutsatira ndi maso. Ankatsika khoma n'kukathera pamsomali, ndipo Chipeso anali atayanikapo thaulo.

Mkati munali mowala. Pakhoma panali mafoni mbwee, onse akutchajidwa. Mlongo wangayo anali atangomaliza kumeta munthu wina, akukung'untha nsalu. Atationa anamwetulira mano onse panja.

"Achemwali anga onse awiri tsiku limodzi? Wamwalira ndani?"

"Akhoza kukhala iweyo," anatero achemwali.

"Zimitsa wailesi," ndinatero ine.

"Nyimbo imeneyi ndi yabwino, Sajeni, yangotsala pang'ono kutha."

Ndinazimitsa ndekha. Nyimbo itatha kunatsala kaphokoso kena, kosalekeza, kochokera pansi pa mapazi athu. Matabwa ankanjenjemera pang'ono, ndipo madzi a m'kapu ya pashelefu ankanjenjemera nawo. Wometedwa uja anaona kuti pavuta, n'kutuluka osadziyang'ana pagalasi. Pakhomo anasemphana ndi a Tcheya ndi alamu anga, amene anali atatitsatira kuchokera kumtsinje.

Chipeso sanadikire kuti ndimuuze. Anakankha mpando wometera, n'kupinda kapeti. Pansi pake panali kachitseko. Atakatsegula, mphepo yozizira inatiomba kumaso.

Gudumu linali pomwepo, pansi pa makwerero, likuzungulira mwakuti timakapu take sitinkaoneka. Paipi yochokera m'ngalande inkalilavulira madzi. Lamba wakuda ankalilumikiza ndi kamakina kotchajira batire ka m'galimoto yakale, ndipo pathabwa panali mabatire atandandalikidwa. Bulangete la achemwali linali litapachikidwa pamzati, louma bwinobwino monga ananenera.

"Ndinati ulibise," anatero achemwali motsitsa mawu, ndipo iwo akatsitsa mawu ndiye kuti zavuta. "Sindinati ulilembe ntchito."

"Ndinalibisa, achemwali, Mulungu akuona. Koma pansipa ndi pachinyezi, linayamba kugwira dzimbiri. Ndinati ndilizungulitseko pang'ono lisafe. Kenaka ndinati poti likuzungulira kale, kababu kamodzi sikalakwa. Kenaka mashini ometera. Kenaka anthu anayamba kubwera ndi mafoni, ndiye munthu ungawabweze bwanji anansi ako?"

"Nanga sola ya padengayo?"

"Imeneyo ndinatola kwa wa zitsulo. Siinagwirepo ntchito, koma imaoneka bwino."

A Tcheya analoza Chipeso. "Mmangeni, Sajeni. Kupanga magetsi popanda laisensi ndi mlandu. Mayi aja akangomva izi, atilanda mapepala onse."

"Ndimumanga, a Tcheya. Koma dziwani kuti umboni woyamba kukhoti ukakhala mutu wanuwo. Wachiwiri foni yanu."

A Tcheya anatulutsa chipewa m'thumba n'kuchivala, ngakhale chinkawapweteka pa zotupa paja. "Komabe," anatero, "nkhani za pachibale sizifuna khoti."

"Ndiye tifulumire. Chipeso, katseke madzi. Achemwali, wilibala. Tikafike kumtsinje mayi aja asana..."

"Odi," anatero mawu ena pakhomo. "Andiuza kuti pano ndi pamene pamatchajidwa foni."

Anali mayi wa imvi pang'ono, ambulera ili m'manja, nsapato zili matope okhaokha. Pachifuwa panalendewera chitupa cha ku ntchito. Kumbuyo kwawo, mumsewu, kunaima galimoto imene tauni yonse inali itaidikira kwa zaka.

* * *

Kachitseko ka pansi kanali chitsegukire, gudumu likuimba lokha. Dzanja la Chipeso linayamba kukwawira ku wailesi, ndipo ndinaligwira.

Ndikanatha kunama. A Tcheya ankandiyang'ana ndi maso opempha kuti ndiname. Koma bodza lake likanakhala lotani, madzi akuwaza mpaka pa nsapato za mlendo? Ndinawapatsa moni, ndinawauza kuti ndine sajeni wa pano, ndipo ndinafotokoza zonse monga ndinazipezera, kuyambira mavu mpaka thaulo la pawaya. Za kiyi wa m'buluku ndinanenanso, alamu anga akumva.

Mayi aja anamvetsera osandidula. Nditatha anatsamiritsa ambulera pakhoma, anagwada pamphepete pa kachitseko, n'kusuzumira nthawi yaitali.

"Lakhala likuzungulira kuyambira liti?"

"Kuyambira kale ndithu, mayi," anatero Chipeso ndi mawu amene sindinamumvepo nawo.

"Osaima?"

"Limaima ndikamachotsa masamba m'paipi basi."

Mayi aja anadzuka akugwira bondo. "Ine ndayendera malo ambiri ngati ano. Nthawi zambiri pofika ine makina amakhala atafera m'bokosi, dzimbiri lokhalokha, ndipo ndimalemba kuti sangagwire ntchito. Ndimabwerera ndi manyazi, chifukwa amene anawachedwetsa ndimawadziwa, ndimadya nawo limodzi masana." Anatembenukira kwa Chipeso. "Zimene mwachitazi n'zolakwa, bambo wometa. Zithe lero lomwe. A Sajeni akuchenjezani mwalamulo, ndipo muzimeta ndi sizasi mpaka laisensi itatuluka."

"Ndi sizasi, mayi?"

"Ndimubwereka yanga," anatero achemwali.

"Koma ine sananditume ku shopu yometera," anapitiriza mayi aja. "Anandituma kukaona gudumu m'kanyumba ka kumtsinje. Ndikakalipeza kumeneko, lathunthu, ndisaina lero lomwe, chilolezo chanu cha madzi chisanathe." Anayang'ana foni yawo yakufayo, anayang'ananso mafoni a pakhoma aja mwachisoni, n'kuibwezera m'chikwama. "Ndili ndi njala, ndikadye kaye. Ndipo ife a ku ofesi kwathu, monga mukudziwa nonse, sitichita zinthu mothamanga."

Anatenga ambulera yawo n'kutuluka.

A Tcheya anaomba m'manja, anaiwala mlomo n'kuyesa kuimba mluzu, ndipo zinawapweteka. Anayamba kugawa ntchito kwa aliyense kupatula iwo eni. Chipeso anatsika makwerero chothamanga, dzanja lili kale pachotsekera madzi.

"Dikira," anatero alamu anga.

Sindinaone n'komwe nthawi imene anatsikira. Anali atanjuta pafupi ndi gudumu, madzi akuwawaza pa magalasi ndi pashati, iwo osapukuta.

"Alamu, nthawi," ndinatero ndili pamwamba.

"Ndikudziwa, mlamu. Pang'ono pokha. Sindinalimvepo likulira."

Munthu ameneyu anali atakhalapo kambirimbiri pampando wa pamwambapo, nsalu ili m'khosi, akudandaulira mlamu wake za mapepala, n'kumaganiza kuti chonjenjemeretsa mpando ndi mashini ometera. Achemwali anatsika makwerero mosamala n'kukaima kumbuyo kwawo.

"Abambo, za kiyi uja..."

"Ndamva, amayi," anatero osacheuka. Anatambasula dzanja kumbuyo n'kugwira lawo. "Mukanapanda kutero bwenzi pano wa zitsulo atalisandutsa mapoto."

Ine ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinalira chifukwa cha chimwemwe, nditavala yunifomu, pamaso pa mlongo wanga amene ndinkayenera kumuchenjeza mwalamulo. A Tcheya anati iwo maso akuwayabwa ndi ululu wa mavu.

Alamu anga anamvetserabe, mutu atapendeketsa, milomo ikumwetulira yokha. Kenaka anavula magalasi n'kupukuta ndi shati yonyowa ija, zimene sizinathandize kanthu.

"Chipeso."

"Alamu?"

"Lamba wakoyu ndi wokhwefuka. Moto wambiri ukungotayika."

"Pepani, alamu."

"Usapepese. Ndidzakuphunzitsa kumtsinje."

Alamu anga anatseka madzi ndi manja awo. Gudumu linazungulirabe kanthawi, timakapu take tikuyamba kuoneka, mpaka linaima. Analisisita ndi manja onse awiri, n'kutiyang'ana tonse, nkhope ili yonyowa.

"Tiyeni nalo kwawo kumtsinje," anatero. "Ulendo uno silikagonanso m'bokosi."